PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUTCHAJA BATIRE NDI JENERETA MOSAONONGA PETULO NDI MOYO

M'midzi ya ku Mitundu, ku Nathenje, ku Malingunde ndi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama, batire lalikulu longa la galimoto lasanduka katundu wa pakhomo monga khasu ndi ndowa. Ndilo limayatsa mababu usiku kuti ana awerenge, ndilo limaliza wailesi, ndiponso ndilo limatchaja mafoni. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa mabanja 100 aliwonse m'Malawi ndiwo ankaunikira ndi magetsi, pamene mabanja oposa theka ankadalira zounikira za mabatire.

Kunyanja nako ndi chimodzimodzi. Usipa umene timagula pa msika wa Mitundu umagwidwa usiku ndi makoka a chilimira, ndipo umakopedwa ndi kuwala. Kale asodzi ankagwiritsa ntchito nyali za parafini, koma tsopano ambiri amamangirira mababu ku bwato ndi kuwayatsa ndi batire. Kukacha batirelo liyenera kutchajidwa kuti madzulo abwerere nalo pamadzi. Batire la m'boti ku Salima ndi batire la m'nyumba ku Mitundu ndi amtundu umodzi, kotero malangizo a m'phunziro lino ndi a onse.

Kumene kulibe magetsi a ESCOM, kapena pamene magetsiwo azima, anthu amathamangira ku jenereta yaing'ono yonyamula pamanja. Tinaziona zimenezi m'chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, magetsi nayamba kuzimazima kwa nthawi yoposa chaka. Jenereta ndi chida chothandiza, koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ola lililonse limene jenereta ikulira, petulo akutha, utsi wakupha ukutuluka, ndipo batire likutulutsa mpweya woyaka. Tsono munthu amene wadziwa kutchaja batire m'maola ochepa wapulumutsa ndalama zake, wachepetsanso ngozi pabanja pake.

MMENE BATIRE LIMAGWIRIRA NTCHITO

Batire la mtundu uwu linapangidwa koyamba m'chaka cha 1859 ndi Gaston Planté wa ku France. M'kati mwake muli zipinda 6, ndipo m'chipinda chilichonse muli timapepala ta mtovu tomizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Chipinda chimodzi chimapereka ma volt 2 ndi pang'ono, nchifukwa chake lonse pamodzi timalitcha la ma volt 12. Pambali pake pamalembedwa nambala yotsatana ndi zilembo Ah, monga 50Ah, 70Ah kapena 100Ah. Nambalayi ndiyo kukula kwa nkhokwe, ndiye kuti kuchuluka kwa magetsi amene batirelo lingasunge.

Kuti mudziwe zimene zatsala m'nkhokwemo, yezani ndi kachipangizo kotchedwa multimeter batire litapuma kwa maola angapo, lisakutchajidwa ndiponso lisakuyatsa kanthu. Likaonetsa ma volt 12.6 kapena 12.7 ndiye kuti ndi lodzaza. Likaonetsa 12.2 latsala ndi theka. Likatsika kupyola 12.0 ndiye kuti lafooka kwambiri.

Anthu ambiri amadikira mpaka babu litafiira kapena wailesi italeka kulankhula ndipo pamenepo ndi pamene amakatchajitsa. Chizolowezi chimenechi ndicho chimapha mabatire. Batire likakhala lopanda moto, pa timapepala ta mtovu tija pamamera zoyera zonga mchere. Zikangoyamba kumene zimasungunuka potchaja, koma zikakhala masabata angapo zimauma gwa, ndipo nkhokwe ija imachepa osabwereranso. Motero nkofunika kutchaja batire likangofika pa theka, osati litatheratu.

KUMENE PETULO AMATHERA

Batire silimwa magetsi mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Taganizani za munthu amene akuthira chimanga m'thumba. Poyamba amakhuthula ndi chidebe chonse mosavuta, koma thumba likayandikira kudzaza amayenera kuligwedeza ndi kuthira pang'onopang'ono kuti chisatayike. Batire nalo kuchokera pa theka kufika pa magawo 80 mwa magawo 100 limalandira moto wambiri msanga. Magawo 20 otsalawo amalowa mochedwa, ndipo angatenge maola 3, 4 kapena kuposa. Mukalikakamiza ndi moto wambiri pa nthawi imeneyi, madzi a m'kati amangobwata ndi kuchepa, batire nkumatentha. Nthawi yonseyi jenereta imakhala ikumwabe petulo ngakhale ntchito imene ikugwira ndi yochepa zedi.

Vuto lachiwiri lili pa jenereta yeniyeniyo. Majenereta ambiri aang'ono ali ndi potulukira magetsi pawiri. Pena ndi pa ma volt 230, pofanana ndi soketi ya m'nyumba ya magetsi. Pena ndi pa ma volt 12, pamene pamabwera ndi timawaya tofiira ndi takuda. Malo achiwiriwa amaoneka ngati ndiwo oyenera batire, koma kawirikawiri amapereka ma amp 8 okha, ndipo alibe chodulira moto batire likadzaza. Amachedwa, komanso mukaiwala amaliphika batirelo.

Tiyeni tione chitsanzo cha batire la 100Ah limene latsala ndi theka. Likusowa 50Ah. Pa ma amp 8 padzafunika maola oposa 6, mwinanso 8, popeza moto wina umatayika ngati kutentha. Pa maola onsewo jenereta yokhoza kupereka ma watt 800 idzakhala ikugwira ntchito ya ma watt pafupifupi 100 okha. Kuli ngati kumanga ng'ombe ziwiri pangolo kuti zinyamule dengu limodzi la tomato.

Njira yabwino ndiyo kugula tchaja yeniyeni ya batire, yodzichepetsera moto yokha batire likamadzaza, ndi kuilumikiza pa ma volt 230. Kukula kwa tchaja kukhale pakati pa magawo 10 ndi 20 mwa magawo 100 a nambala ya Ah ija. Batire la 100Ah lifuna tchaja ya ma amp 10 mpaka 20, ndipo la 50Ah lifuna ya ma amp 5 mpaka 10. Tchaja ya ma amp 15 idzakweza batire lathu lija kuchokera pa theka kufika pa magawo 80 m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Ntchito imeneyi sidya ma watt oposa 300, kotero jenereta yomweyo ikhoza kuyendetsa matchaja awiri nthawi imodzi, kutchajanso mafoni pambali. Mabanja awiri oyandikana, kapena asodzi a maboti awiri, atagwirizana tsiku ndi kusonkherana petulo, aliyense angalipire zochepa.

Nanga magawo 20 otsala aja? Amene ali ndi sola azimitse jenereta pamenepa ndi kusiyira dzuwa kuti limalize. Sola ya ma watt 100, yokhala ndi kabokosi kake kolamulira moto, imatha kupereka 25Ah kapena kuposerapo pa tsiku la dzuwa labwino, popanda petulo ndiponso popanda utsi. Amene alibe sola akhoza kuimira pa magawo 80 masiku ambiri, koma kamodzi pa sabata, kapena pa masabata awiri, ayenera kulidzaza batire mpaka pakamwa kuti zoyera zija zisaume. Ngati pafupi pali sitolo yokhala ndi magetsi a ESCOM, monga pa Mitundu kapena pa Nathenje, kudzaza kotereku nkotsika mtengo kumeneko kusiyana ndi pa jenereta.

DONGOSOLO LA KATCHAJIDWE

1. Tchajani masana, panja, pamthunzi ndi pouma. Jenereta ikhale pa mtunda wa mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa khomo ndi mazenera, paipi yake ya utsi italoza kumene kulibe nyumba.

2. Batire litalikirane ndi jenereta. Waya wochokera ku jenereta kupita ku tchaja ndiwo ukhale wautali, koma wochokera ku tchaja kupita ku batire ukhale waufupi ndi wonenepa, chifukwa waya woonda umatentha ndi kudya moto.

3. Pukutani mitu ya batire. Ngati pali zoyera kapena zobiriwira, tsukani ndi madzi osungunuliramo soda wophikira, koma madziwo asalowe m'kati.

4. Ngati batire ndi la zitsekerero, onani ngati madzi akumiza timapepala ta mtovu. Akachepa onjezani madzi a batire ogula m'botolo. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime ali ndi mchere umene umaononga batire. Musaonjezere asidi. Batire lomata, lopanda zitsekerero, musalitsegule.

5. Tchaja isanayatsidwe, panani waya wofiira pa mutu wa chizindikiro cha + ndi wakuda pa mutu wa chizindikiro cha −.

6. Lizani jenereta, idikireni mphindi ziwiri kuti ikhazikike, kenaka yatsani tchaja.

7. Nthawi ndi nthawi khudzani m'mbali mwa batire. Kufunda pang'ono si vuto, koma likatentha kwambiri, likatupa, kapena likanunkha ngati dzira lovunda, zimitsani msanga.

8. Pomaliza yambani mwazimitsa tchaja, kenaka jenereta, ndipo pambuyo pake chotsani mawaya pa batire.

Musalumikize batire latsopano ndi lakale pa tchaja imodzi, pakuti lakalelo limafooketsa linzake. Mabatire atsopano a lithium ali ndi matchaja awoawo. Ngati jenereta yanu ndi ija yosakaniza petulo ndi oilo, tsatani muyeso wolembedwa pa thanki. Pa majenereta ambiri muyesowu ndi mamililita 20 a oilo pa lita imodzi ya petulo.

TSOKA SILINUNKHA

Mu utsi wa jenereta muli mpweya wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha ndipo sutsokomoletsa. Ndi womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Magazi athu ali ndi ntchito yonyamula mpweya wabwino wa okosijeni kuchokera m'mapapo kupita nawo ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Koma carbon monoxide imakangamira ku magazi mwamphamvu koposa okosijeni kuwirikiza ka 200 ndi kupitirira. Ikalowa imalanda malo, ndipo munthu amabanika m'kati ngakhale akupuma.

Nchifukwa chiyani anthu amaliza jenereta m'nyumba? Ena amaopa akuba, ena amaopa mvula, ena safuna kusokosera anansi usiku. Zifukwa zonsezi nzomveka, koma palibe chimene chingafanane ndi moyo wa mwana. Kutsegula zenera kapena chitseko sikokwanira. Kuika jenereta pakhonde, m'khitchini, m'chipinda chosungiramo katundu kapena kuseri kwa nyumba yoonetsera kanema sikuthandiza, chifukwa utsi umalowa pansi pa chitseko ndi pamwamba pa khoma. Woopa akuba atchaje masana iye ali pomwepo, kapena amange jenereta ndi tcheni ku mtengo. Woopa mvula aimangire kachisakasa ka malata kopanda makoma. Ikazimitsidwa ndi kuzizira, pamenepo ikhoza kulowa m'nyumba. M'boti namonso jenereta isalire m'malo otchingidwa ndi lona.

Zizindikiro za mpweya umenewu ndi mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka, kuodzera ndi kusokonezeka maganizo. Anthu ambiri amayesa malungo, namwa mankhwala a mutu ndi kukagona m'nyumba momwemo, ndipo uku ndiko kulakwa koopsa. Dzifunseni mafunso awa. Kodi anthu angapo a m'nyumba imodzi adwala nthawi imodzi? Kodi thupi silikutentha? Kodi munthu akatuluka panja akupezako bwino, akabwerera m'nyumba nkuyambiranso? Kodi nkhuku, galu kapena mphaka wa m'nyumbamo wafookanso? Ngati ndi choncho, ndipo pafupi pali jenereta kapena mbaula, ganizani za utsi.

Amene ali pa ngozi yaikulu ndi makanda, ana aang'ono, okalamba, odwala mtima, ochepa magazi ndi amayi oyembekezera. Mwana wosabadwa amavulala msanga kuposa mayi wake. Munthu wogona tulo, kapena woledzera, samva chizindikiro chilichonse.

CHITHANDIZO CHOYAMBA

Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba yotere, tsegulani zitseko zonse, zimitsani jenereta, ndipo mutulutseni panja msanga inu musanakhalitsemo. Ngati akupuma mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse. Musamumwetse mkaka, thobwa kapena china chilichonse ali chikomokere. Thamangani naye ku chipatala chimene muli nacho pafupi, monga cha Mitundu, Nathenje kapena Malingunde. Mankhwala ake enieni ndi okosijeni, ndipo wodwala kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Pofika musabise kanthu. Auzeni anamwino kapena adokotala kuti m'nyumba munali jenereta kapena mbaula, pakuti mawu amenewa amawathandiza kupeza vuto mwachangu. Onse amene anagona m'nyumbamo apite kukaonedwa, ngakhale amene akuti ali bwino, makamaka amayi oyembekezera. Ena amachira, koma patapita masiku kapena masabata amayamba kuiwalaiwala kapena kuyenda modzandira. Oterewa abwerere nawo ku chipatala.

MOTO NDI ASIDI

Batire likamatchajidwa, makamaka likayandikira kudzaza, limatulutsa mpweya wa hydrogen. Mpweyawu ukaunjikana m'chipinda kufika pa magawo 4 mwa magawo 100 a mpweya wonse, kamoto kakang'ono kokha kakhoza kuuphulitsa. Ichi ndicho chifukwa chake tanena kuti tchaja izimitsidwe mawaya asanachotsedwe. Musasute fodya pafupi, musaunikire m'batire ndi machesi kapena koloboyi, ndipo lekani chizolowezi chogundanitsa waya pa mitu iwiri pofuna kuona ngati muli moto. Batire likaphulika, asidi amathovokera kumaso.

Asidi akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 mosalekeza, maso ali chitsegulire, kenaka pitani ku chipatala. Musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena mafuta. Akagwera pakhungu vulani chovala chonyowacho ndi kutsuka chimodzimodzi. Mwana akamwa asidi kapena petulo musamusanzitse, chifukwa asidi amaotchanso kummero pobwerera, ndipo petulo amalowa m'mapapo. Pitani naye ku chipatala nthawi yomweyo. Zinthu zimenezi musazisunge m'mabotolo a zakumwa, pakuti mwana sadziwa kusiyanitsa.

Petulo athiridwe jenereta itazimitsidwa ndi kuzizira. Musamupope ndi pakamwa kudzera m'paipi. Kuno kwathu kumene timalima fodya, chigafa chimaoneka ngati malo abwino poti chilibe makoma, koma udzu wa padenga ndi fodya wouma sizichedwa kuyaka. Jenereta italikirane ndi chigafa, nkhokwe ndi mpanda wa udzu.

BATIRE LIKAFA

Batire losamalidwa bwino limakhala zaka zingapo, koma lozunzidwa limafa chaka chisanathe. Likafa limakhalabe loopsa chifukwa cha mtovu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene tingauyese wosavulaza. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, umachepetsa nzeru za m'kalasi ndi magazi, ndipo kwa akulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuononga impso.

Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar m'dziko la Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa chaka cha 2007 ndi 2008. M'deralo anthu ankaswa mabatire akale ndi kusefa dothi pofuna mtovu wogulitsa, ndipo fumbi lake linalowa m'nyumba ndi m'manja mwa ana. Kwa anansi athu ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma dothi la m'makomo oyandikana nawo linapitirira kudwalitsa ana kwa zaka zambiri pambuyo pake. Mtovu suola ngati zinyalala zina.

Choncho musaswe batire pakhomo, musasungunule mtovu pamoto wophikira kuti mupange zolemeretsa ukonde, ndipo chigoba chake musachisandutse chomwera nkhuku kapena mpando wa ana. Musalitaye m'dimba, m'dambo kapena mumtsinje. Kumbukirani kuti mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri a Dzalanyama, ndipo madzi ake amasungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde kuti anthu a mumzinda amwe, kuonjezera pa ife amene timatunga ndi kuthirira ndiwo m'mphepete mwake. Batire lakufa lisungidwe lathunthu, choimirira, pamalo pouma pamene ana safika, kufikira mutalibweza kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale. Mukaligwira sambani m'manja ndi sopo musanadye kapena kunyamula mwana.

ZOTI TIKAMBIRANE

Pamene mukudikira kuonana ndi adokotala kapena kukweza mwana sikelo, kambiranani mafunso awa ndi anzanu, ndipo chimene sichikumveka mufunse alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.

1. Kodi batire liyenera kutchajidwa likafika pati, ndipo chimachitika nchiyani likakhalitsa lopanda moto?

2. Nchifukwa chiyani maola omalizira a kutchaja amadya petulo wambiri pa ntchito yochepa?

3. Kodi jenereta iyenera kutalikirana ndi khomo mamita angati?

4. Tingasiyanitse bwanji malungo ndi kudwala kwa utsi?

5. M'mudzi mwathu majenereta amalira pa maukwati, pa maliro, m'matchalitchi, kwa ometa tsitsi ndi moonetsera kanema. Kodi amaikidwa pati? Nanga amfumu ndi komiti ya zaumoyo angachitepo chiyani?

Mukabwerera kunyumba kafotokozereni amene sanabwere, makamaka anyamata amene amagwira majenereta ndi mabatire tsiku ndi tsiku. Kupewa kuposa kuchiza.